Mafunso Anu: Ophunzira a Kafukufuku Anabwera, Nanga Mlatho Uli Kuti?

M'masabata apitawa talandira makalata atatu ochokera m'boma la Zomba, ndipo ngakhale olembawo sakudziwana, onse akukamba za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede amene amafika m'midzi ndi m'masiteji kudzafunsa za mayendedwe a anthu pochita kafukufuku wa zachilengedwe. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo maina a eni ake tawasunga monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa zaka 52 ndipo ndili m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu kuno kumbali ya Jali. Chaka chatha kunabwera anyamata ndi atsikana asanu a pa sukulu ina ya ukachenjede atanyamula mapepala ndi mafoni, n'kumatifunsa kumene timapita, chimene timakwera ndi ndalama zimene timalipira. Anajambulanso kamlatho kathu kamene kanakokoloka ndi namondwe wa Freddy, ndipo tonse tinaganiza kuti thandizo lili m'njira. Mpaka lero kuli zii, ndipo anthu akundinena ine amene ndinawaperekeza khomo ndi khomo, ena mpaka akuti ndinadyapo kenakake. Kodi kafukufuku wotereyu phindu lake n'chiyani? Nanga chilengedwe chimene ankanenacho chikugwirizana bwanji ndi kukwera kabaza? — Mayi wodandaula, Jali

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi mbiri imene yakugweraniyi, pakuti kunenedwa kuti munadya ndalama imene simunaione n'komwe n'chinthu chowawa, makamaka kwa munthu amene amagwira ntchito ya m'mudzi mongodzipereka. Ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa yankho lake lili pa kamlatho komweko.

Madzi ambiri amene amagwa pa phiri la Zomba amatsetsereka kudzera m'mitsinje monga Mulunguzi, Likangala ndi Domasi, n'kudutsa m'chigwa chanu chomwecho pa ulendo wopita ku nyanja ya Chilwa. Pamene phiri ndi magombe a mitsinje zili ndi mitengo ndi udzu, madziwo amatsika pang'onopang'ono ndipo ena amalowa pansi; koma mitengo ikatha amatsika onse nthawi imodzi atasenza mchenga, miyala ndi zitsa. Katundu ameneyu amatseka makalavati, ndipo madzi akasowa podutsa amadzitsegulira njira pamwamba pa msewu kapena kuseri kwa mlatho, n'kudya dothi limene mlathowo watsamira. Mukaonjezerapo malole amene amatapa mchenga pafupi ndi mizati ya milatho, ndiponso madimba olimidwa mpaka pamene madzi athera, mudzaona kuti mlatho umayamba kufooka kale namondwe asanafike. Zomba si mlendo pa ngozi zotere, poti napolo wa mu Disembala 1946 anagumula milatho m'tauni muno pamene linali likulu la dziko. Chimene chasintha n'chakuti masiku ano ngozizi zikubwera mothithikana: madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. Mlatho ukapita, wakabaza amazungulira njira yakutali, mtengo umakwera, ndipo mayi woyembekezera amene akanafika kusikelo m'mawa amafika dzuwa lili paliwombo, kapena amangosiya osapita. Choncho wophunzira amene anakufunsani za ndalama ya kabaza anali kufunsa za mitengo ya m'phiri, ngakhale mwina sanathe kukufotokozerani motero.

Tsono ku funso loyamba, ndikuuzeni mosapsatira: ophunzira amenewa samanga milatho, ndipo nthawi zambiri alibe ngakhale ndalama yokwanira kubwererako kachiwiri. Kafukufuku wawo ndi gawo la mayeso a chaka chomaliza, ndipo amene amamuwerenga poyamba ndi aphunzitsi awo. Misewu ikuluikulu, monga wa M3 wochokera ku Blantyre kudutsa Zomba mpaka ku Liwonde ndi Mangochi, ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, limene limagwiritsa ntchito ndalama za msonkho wa pa mafuta a galimoto ndi za m'zipata zolipiritsa monga cha Chingeni ndi cha Kalinyeke. Timisewu ta m'midzi ndi timilatho ngati kanuko timayang'aniridwa ndi khonsolo, ndipo njira yake mukuidziwa kuposa ine: nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), n'kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), kuti ikalowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma, kapena ikaganiziridwe pa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF). Ngati ophunzirawo sanakuuzeni zimenezi pa tsiku loyamba, n'kukusiyani mukuyembekezera simenti ndi zitsulo, analakwa, ndipo amene anawatuma osawalangiza analakwa koposa. Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero. Iye amakamuka dzuwa likakwera, ndipo mafunso a anthu amatsalira inu amene munamulandira.

Komabe musataye mapepala aja ngati chinthu chopanda ntchito. Pa msonkhano wa ADC mudzi uliwonse umanena kuti mlatho wake ndiwo wofunika kwambiri, ndipo amene amamveka ndi amene ali ndi umboni m'manja. Kunena kuti "tikuvutika" n'kosiyana ndi kuika patebulo pepala losonyeza chiwerengero cha anthu amene amaoloka pamenepo pa tsiku la msika, masiku amene ana anajomba kusukulu chifukwa cha madzi, ndi kusiyana kwa mtengo wa kabaza pakati pa chilimwe ndi dzinja. Zinthu zimenezi n'zimene ophunzira aja anatola pakamwa panu, ndipo ndi zanu.

Ndinaonapo kafukufuku wotere atayenda bwino, ndipo ndimakumbukirabe mmene zinachitikira. Zaka zingapo zapitazo ndinaperekeza gulu lina la ophunzira kumudzi wina wa m'chigwa chomwecho. Iwo anabwera ndi mafunso okhudza maminibasi, koma mphunzitsi wawo anawauza kuti asunge kaye mapepala m'zikwama, n'kupempha eni mudzi kuti ajambule mapu a dera lawo pansi, patsinde pa mtengo wa mango. Abambo ndiwo anayamba. Anakoka mzere umodzi wautali ndi ndodo, anaika mwala pamene pali msika ndi chitsononkho pamene amakagula feteleza, basi mapu atha. Atapemphedwa amayi kuti ajambule awo paokha, panatuluka tinjira tambirimbiri timene pa mapu a abambo panalibe: ya kuchigayo, ya kumjigo, ya kusikelo, ya kunkhuni. Ndiye gogo wina amene anakhala chete nthawi yonseyo anapita kuseri kwa nyumba, anabwera ndi phulusa m'chikhatho, nalithira pamene njira ya kusukulu imadumpha khwawa, n'kunena kuti, "Apa ndi pamene ana amabwererapo." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula minibasi. Ophunzira aja anakalembanso mafunso awo usiku womwewo, ndipo ameneyu ndiye kafukufuku amene amayenera kutchedwa wa anthu a m'mudzi, chifukwa funso lenilenilo linachokera kwa eni ake.

Chimene mungachite tsopano n'chosavuta. Ngati ophunzirawo anasiya kalata kwa amfumu, monga anayenera kuchitira, pa kalatayo pali dzina la sukulu ndi la nthambi imene inawatuma. Komiti yanu ilembe kalata yopita kwa mkulu wa nthambiyo, amfumu adindepo chidindo, yopempha kuti zotsatira za kafukufukuyo zibwere m'Chichewa, ngakhale pa tsamba limodzi lokha, ndiponso kuti mmodzi mwa ophunzirawo kapena mphunzitsi wawo adzafotokoze pa bwalo. Atadzanena ndi pakamwa pawo kuti simunalandire kanthu, mbiri ija idzazilala yokha. Kenako katengereni zotsatirazo kwa akhansala ndi ku ADC, ndipo mukafunse ngati kamlatho kanu kali m'ndondomeko ya khonsolo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza mauthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020, likukulolani kufunsa funso limeneli ndi kuyembekezera yankho.

FUNSO: Ine ndimayendetsa njinga yamoto pakati pa Chinamwali ndi m'tauni. Mwezi wathawu ophunzira ena anakhala pa siteji yathu masiku atatu akuwerenga njinga zodutsa, ndipo anali ndi kachipangizo kamene amati kamayeza utsi. Anzanga akuti amenewa ndi akazitape, ndipo cholinga chawo n'choti tidzathamangitsidwe m'tauni poti tikuononga mpweya. Anatiuza kuti abweranso kudzacheza nafe mmodzimmodzi. Kodi ndiwayankhe, kapena ndidzidyera ndekha nsima ya ana anga? — Wakabaza, Chinamwali

YANKHO: Achimwene, mantha anu ndi omveka, chifukwa munthu amene ndiwo za kunyumba kwake zimachokera pa siteji sangaone mlendo akulemba m'kabuku n'kukhala mtima uli m'malo. Koma musanagamule kuti ndi akazitape, afunseni kalata. Kafukufuku aliyense wofunsa anthu m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti ofunsidwa sakuponderezedwa. Sukulu za ukachenjede zili ndi makomiti otere, ndipo pamwamba pawo pali bungwe la boma la National Commission for Science and Technology. Wophunzira woona adzakuonetsani chiphaso chake cha sukulu ndi kalata ya chilolezo, adzakuuzani cholinga cha mafunso ake m'chilankhulo chimene mukumva, ndipo adzakupemphani kuti muvomere musanayambe. Muli ndi ufulu wokana, wosiyira panjira, ndiponso wokaniza kuti dzina lanu, nkhope yanu kapena nambala ya njinga yanu zilembedwe kapena kujambulidwa. Amene akwiye mutamufunsa kalata, ameneyo musamuyankhe, koma musamugwirenso. Kamuuzeni wapampando wa siteji kapena apolisi. Ndikunena izi chifukwa tonse tikukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo kapena kunyamula zipangizo zosadziwika.

Kachipangizo kamene munakaonako kamawerenga tinthu ting'onoting'ono touluka mu mpweya, timene akatswiri amatitcha PM2.5. N'tochepa kwambiri moti titandanda pafupifupi 30 ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo chifukwa cha kuchepako timalowa mpaka m'katikati mwa mapapo, n'kumayambitsa chifuwa chosatha, mphumu ndi matenda a mtima. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire atsopano a tinthuti m'chaka cha 2021, ndipo ophunzirawo amayerekeza zimene apeza ndi malire amenewo. Chimene anzanu sakudziwa n'chakuti kachipangizoko sikatha kusiyanitsa mwini utsi. Kamawerenga pamodzi utsi wa njinga yanu, wa lole ya dizilo imene ikukwera mtunda ndi katundu, wa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa msika, wa mbaula za ochita tchipisi, ndi fumbi la m'mbali mwa msewu. Ndipo amene amapuma mpweya umenewu kuyambira m'bandakucha mpaka usiku si bwana wodutsa pa galimoto yotseka magalasi, koma inu amene.

Sindingakulonjezeni kuti zotsatira za kafukufuku sizingagwiritsidwe ntchito pokhazikitsa malamulo okukhudzani, chifukwa lipoti likatuluka aliyense amaliwerenga ndi maso ake. Chimene ndikuona ine n'chakuti lipoti lolembedwa popanda mawu anu ndilo loopsa kwambiri, pakuti lidzangonena za chiwerengero cha njinga ndi ngozi, osanena chifukwa chake anthu amakukwerani. Mzinda uno wa Zomba, umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 100,000, ulibe njanji, ndipo minibasi kapena Sienta sizilowa m'tinjira ta ku Chikanda kapena kumtunda kwa Chinamwali kukatenga wodwala pakhomo usiku. Auzeni zimenezo. Auzeni pamene ngalande inatsekeka ndipo madzi amadutsa pa tala, pamene mulibe malo oimapo popanda kulimbana ndi oyenda pansi, maola amene mumataya pa mzere wa petulo mafuta akasowa, ndi mmene matayala ndi zipangizo zinakwerera mtengo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma akakufunsani za chipewa chodzitetezera, laisensi, inshuwalansi ndi kukweza anthu atatu pa njinga imodzi, musabise, chifukwa pamenepo ndi pamene ambiri a inu mumadzipalira nokha mkwiyo wa anthu, ndipo ovulala amene amagonekedwa pa chipatala chachikulu cha Zomba si nthano. Ndi bwino kuti gulu la pa siteji yanu likumane ndi ophunzirawo pamodzi poyamba, n'kugwirizana tsiku limene adzabwere kudzakuwerengerani zimene alemba lipotilo lisanapite kwina kulikonse.

FUNSO: Ndine mtsikana wa chaka chachinayi pa maphunziro a zachilengedwe, ndipo ndikufuna kufufuza za mayendedwe a amayi amene amapikula nsomba ku Kachulu n'kudzagulitsa mumsika wa Zomba. Mafunso anga ndinawalemba m'Chingerezi, ndalama ndili nazo zochepa, ndipo anzanga akuti anthu a kunyanja sayankha popanda alawansi. Ndiyambire pati? — Wophunzira, Zomba

YANKHO: Achemwali, mwasankha mutu wabwino, ndipo ubwino wake mudzauona mukadzafunsa funso limodzi ili: n'chifukwa chiyani mayi uyu amabweretsa nsomba zowamba kapena zouma m'malo mwa zaziwisi? Nthawi zambiri yankho lake ndi msewu. Ulendo ukakhala wautali ndi wosadalirika, mlamba ndi makumba ziyenera kuwambidwa kuti zisaole, ndipo kuwamba kumadya nkhuni m'dera limene mitengo ndi yosowa kale. Matemba okha ndiwo amapulumukira pa dzuwa. Mukatha kusonyeza ulusi umenewu, wochokera pa matope a msewu kufika pa chitsa cha mtengo, kafukufuku wanu adzakhala ndi chonena kwa anthu a zamisewu ndi a zankhalango omwe. Kumbukiraninso kuti Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene inaphweratu mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018 moti maboti a pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi ankalephera kufika padoko. Amayi achikulire akuuzani mmene ankayendera m'zaka zimenezo ngati muwafunsa.

Polowa m'dera musadumphe makomo. Mukalandira chilolezo cha sukulu, yambirani ku ofesi ya bwanamkubwa, kenako kwa gogo chalo, kwa agulupu ndi anyakwawa, osaiwala komiti ya padoko ndi alangizi a zausodzi, ndipo paliponse nenani poyera kuti ndinu mwana wasukulu amene simunabweretse chitukuko chilichonse. Werenganinso kalata ya mayi wa ku Jali ili pamwambayi kuti muone chimene chimagwera munthu wokuperekezani mawu amenewa akapanda kunenedwa.

Mafunso a m'Chingereziwo musawatanthauzire liwu ndi liwu. Khalani pansi ndi mayi mmodzi wa mumsika, mumuuze chimene mukufuna kudziwa, ndipo mumvere mmene iye akufunsira. Mukafunsa kuti kuchokera kunyanja ndi makilomita angati, mudzalandira nambala yongokusangalatsani. Koma mukafunsa nthawi imene amanyamuka, zimene amakwera, malo amene amatsika n'kukweranso, ndi ndalama imene amalipirira dengu payekha, mudzamva ulendo wonse. Dera limenelo lili ndi olankhula Chiyao ndi Chilomwe, choncho pezani wokuthandizani wa komweko. Ndipo kamodzi kokha kwerani nawo, kuyambira padoko mpaka pa benchi la mumsika, dengu lili pamiyendo panu. Ngati kalendala ya sukulu ilola, pitani kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja, chifukwa msewu wa mu Seputembala ndi wa mu Febuluwale ndi misewu iwiri yosiyana, ndipo nyengo imene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane imasinthanso maulendo a amayiwo. Ziwerengero za anthu a m'deralo musazivutikire, poti likulu la ofesi ya boma yoona za kalembera, ya National Statistical Office, lili mu Zomba momwemo.

Za alawansi, anzanuwo akunena zoona pang'ono, ndipo anthu a kunyanja sitingawadzudzule, pakuti afunsidwa ndi magulu ambiri kwa zaka zambiri osaona chobwerera. Mayankho sagulidwa, chifukwa munthu wolipidwa amakuuzani chimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Koma nthawi ya munthu wa geni ndi ndalama, choncho musamuitanire kumsonkhano pamene maboti akukocheza kapena makasitomala ali pa mzere. Mupiteni pamene ali, mafunso anu asapitirire theka la ola, ndipo ngati mwasonkhanitsa gulu kuchokera kutali, abwezereni ya thiransipoti ndi kugula zoziziritsa kukhosi. Pa ndalama zochepa zimene muli nazo, patulani lero lomwe ya ulendo umodzi wobwerera ku Kachulu mukadzamaliza kulemba, ndi yosindikizira masamba angapo a zotsatira m'Chichewa: limodzi la amfumu, lina la komiti ya padoko, lina la ADC. Tsiku la ulendo umenewo mulilembe m'kalata imene mukasiye kwa anyakwawa, ndipo aphunzitsi anu asainirepo.